Propozo ya madzi a ku Kanyama: inagwera pati koyamba, ndipo inadutsa bwanji kachiwiri

Lipoti ili ndi la pempho limodzi la ndalama za kafukufuku (propozo) limene linalembedwa kawiri ndi gulu lomwelo la anthu a pa koleji ina ya zaumoyo muno mu Lusaka. Ulendo woyamba linakanidwa. Ulendo wachiwiri, ku bungwe lomwelo, linapatsidwa ndalama za miyezi 18. Mayina a anthu, a koleji ndi a bungwe lopereka ndalamalo tawasiya dala. Chimene tikufuna kuti muone ndi malo enieni amene propozo imathyokera, chifukwa malo ake sasintha, kaya nkhani yanu ndi ya madzi, ya mbewu kapena ya maphunziro a ana.

M'gululi munali anthu atatu: amayi ena ophunzitsa za ukhondo wa m'madera, amene anali mtsogoleri, abambo ena a mu labotale, ndi namwino amene anathandizapo odwala kolera. Onse atatu anaona ndi maso awo mliri umene unayamba mu Lusaka mu Okutobala 2023, umene unachititsa kuti National Heroes Stadium isanduke malo ogonekera odwala mu Januwale 2024 ndi kuti sukulu zichedwe kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale. M'dziko lonse anthu opitirira 20,000 anadwala, opitirira 700 anamwalira. Choncho chidwi chawo sichinali chongofuna ndalama. Nkhaniyi inali itawakhudza, ndipo kukhudzidwa kumeneko n'kumene kunadzaza masamba a propozo yoyamba mpaka kusowa malo a kafukufuku weniweni.

Zomwe zinali m'propozo yoyamba

Mutu wake unali wa kuthetsa kolera m'makomboni a Lusaka. Pa masamba 6 amene bungwe linalola, 3 anathera pa kufotokoza vuto: kuchuluka kwa anthu ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George, zimbudzi zokumba zoyandikana ndi zitsime zosazama, miyala ya pansi pa Lusaka yokhala ndi ming'alu ndi mphako imene imalola zonyansa kulowa msanga m'madzi a pansi pa nthaka, mliri wa 2017 mpaka 2018, ndi dongosolo la boma lothetsera kolera la 2019 mpaka 2025. Zonsezi n'zoona, ndipo zinalembedwa bwino. Koma owunika propozo za madzi ndi kolera amazidziwa kale. Ndime ziwiri zikanakwanira.

Zolinga zinalipo 6. Ankafuna kudziwa zomwe anthu akudziwa za kolera, kuyeza madzi, kuwerenga zimbudzi, kuphunzitsa anthu ongodzipereka a m'dera, kugawa klorini, ndi kulangiza boma. Mwa zimenezi, zitatu zomalizazo si kafukufuku ayi, ndi ntchito yachitukuko. Bungwe lopereka ndalama za kafukufuku limagula yankho la funso limene palibe analiyankha. Siligula maphunziro a anthu kapena mabotolo a klorini ogawa, ngakhale zinthuzo zili zabwino. Mmodzi wa owunika anafunsa funso lalifupi limene linali lokwanira kugwetsa pempho lonse: ntchitoyi ikadzatha, tidzadziwa chiyani chimene lero sitikuchidziwa?

Gawo la njira zochitira kafukufuku linali theka la tsamba. Linati adzafunsa mabanja 100 ndipo madzi adzayezedwa mu labotale. Silinanene kumene 100 wachokera, mabanjawo adzasankhidwa bwanji, madzi adzatungidwa pati ndi nthawi yanji, kapena kuti mu labotalemo adzayang'anamo chiyani. Pa kalendala, kutolera uthenga kunayikidwa mwezi woyamba. Mu bajeti, gawo lalikulu kwambiri linali la misonkhano ndi ma alawansi, laputopu zitatu zinalimo, koma mankhwala oyezera madzi munalibe ngakhale kwacha imodzi.

Apa ndi pamene tiyenera kukhazikika pang'ono. Anthu ambiri amaganiza kuti owunika amawerenga propozo kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza monga momwe inalembedwera. Owunika odziwa ntchito amawerenga chidule, kenako n'kulumphira ku bajeti ndi ku kalendala, pomaliza n'kubwerera ku njira. Amatero chifukwa mawu okoma aliyense angathe kulemba, koma bajeti imaulula ngati wolembayo anaiganizira ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Propozo yonena kuti idzayeza madzi koma yopanda ndalama zoyezera madzi yadzitsutsa yokha, ndipo wowunika sakhalanso ndi chifukwa chokhulupirira masamba otsalawo.

Kupeza funso limodzi

Ntchito yokonzanso inayamba ndi kuchotsa, osati kuwonjezera. Amayi otsogolera anapemphedwa kulemba m'chiganizo chimodzi chinthu chimene chimawadabwitsa pa nkhani ya madzi ku Kanyama, chimene mabuku sanawayankhe. Yankho lawo linali lakuti mabanja ambiri amene anadwala sankamwa madzi a pachitsime, ankagula madzi pa kiyosiki, amene amayenera kukhala ndi klorini. Ndiye vuto limalowera pati pakati pa mpopi ndi kapu?

Limenelo ndiye linakhala funso. Linalembedwa motere: mwa mabanja a ku Kanyama amene amatunga madzi akumwa pa kiyosiki, ndi angati amene madzi awo osungidwa m'nyumba amakhala ndi klorini wotsala wochepera 0.2 mg pa lita, ndipo kodi zimenezi zimasiyana bwanji malinga ndi chotungira, maola amene madzi akhala m'nyumba, ndi nyengo ya chaka? Cholinga chachiwiri, ndipo chomaliza, chinali kuona ngati madzi otaya klorini ndi omwenso amapezeka ndi E. coli, tizilombo tosonyeza kuti madzi aipitsidwa ndi zonyansa za m'chimbudzi.

Onani zimene chiganizochi chanyamula. Chatchula anthu ake, malo ake, chinthu choyezedwa, ndi mlingo wosiyanitsira madzi otetezeka ndi osatetezeka. Mlingo wa 0.2 mg pa lita sanaupeke, ndi umene World Health Organization imati uyenera kukhalapobe pamene madzi akufika kwa womwa, ndipo pa nthawi ya mliri wa kolera umakwezedwa. Funso lotere limabala njira zake lokha. Limasonyezanso amene adzagwiritsa ntchito yankho: ngati klorini akusowa kale pa kiyosiki, nkhani ndi ya kampani ya madzi ndi NWASCO imene imayang'anira makampani a madzi, ngati akutha m'ndowa yosavundikira patatha maola angapo, nkhani ndi ya a zaukhondo a ku chipatala ndi uthenga umene amapereka m'makomo. Mbali iliyonse imene yankho lingagwere, pali wina woti achitepo kanthu. Ndime yofotokoza zimenezi inali ya mizere 8 yokha, koma owunika awiri anaitchula ngati chifukwa chachikulu chovomerezera.

Gululi linachitanso chinthu china chotchipa chimene chinasintha zambiri. Linatenga masiku awiri kuyendera dera lomwelo ndi kachipangizo koyezera klorini ndi mapiritsi a DPD 1, kuyeza madzi a pa kiyosiki ndi kucheza ndi a komiti ya zaumoyo ya m'dera, popanda kulemba dzina la munthu aliyense. Kumeneko n'kumene anaphunzira kuti madzi ambiri amatungidwa m'mamawa, kuti m'nyumba imodzi mumakhala zotungira zingapo ndipo a lero amathiridwa pamwamba pa a dzulo, ndiponso kuti munthu mmodzi woyenda pansi m'tinjira ta m'komboni angakwanitse makomo 8 patsiku, osati 15 monga ankaganizira. Chiwerengero cha 8 chija chinalowa mu kalendala ndi mu bajeti.

Mabanja angati, ndipo labotale ingakwanitse angati

Munthu wachinayi analowa m'gululi, katswiri wa ziwerengero, ndipo nthawi yake inalembedwa mu bajeti ngati 10 peresenti. Dzina la katswiri wotere longoikidwa pa mndandanda popanda nthawi yolipiridwa silinyenga wowunika aliyense.

Masamu ake anali awa. Popeza panalibe chiwerengero chodalirika cha mabanja amene madzi awo alibe klorini wokwanira, anatenga 50 peresenti, chifukwa ndi imene imafuna anthu ochuluka kwambiri. Pofuna kuti yankho lisaphonye ndi zoposa 5 peresenti uku ndi uku, pa chitsimikizo cha 95 peresenti, chiwerengero chimatuluka 384. Ambiri amaimira pomwepa, ndipo 384 amapezeka m'propozo zochuluka mwakuti owunika akangomuona amayamba kufufuza cholakwa. Nambala imeneyi imagwira ntchito ngati banja lililonse lasankhidwa palokha mwa maere kuchokera pa mndandanda wa mabanja onse. Ku Kanyama mndandanda wotere kulibe. Mabanja amasankhidwa kudzera pa kiyosiki, ndipo otunga pa mpopi umodzi madzi awo amafanana. Choncho mabanja 20 a pa kiyosiki imodzi sakuuzani zambiri ngati mabanja 20 omwazikana. Chokonzera chake ndi design effect. Ndi mabanja 20 pa kiyosiki, ndi kufanana kwa pakati pawo koyerekezedwa pa 0.05, masamu ndi 1 kuphatikiza 19 (ndiye 20 kuchotsa 1) kuchulukitsa ndi 0.05, zomwe zikupereka 1.95, kapena tingoti 2. Apo 384 wasanduka 768. Kuwonjezera okana ndi osapezeka pakhomo, 10 peresenti, ndiye kugawa 768 ndi 0.9, osati kungowonjezera 77, ndipo zotsatira ndi 854. Kugawa ndi 20, pakufunika malo otungira madzi 43. Zonsezi zinalembedwa m'ndime imodzi, sitepe ndi sitepe, kuti wowunika athe kubwereza yekha pa kalikuleta.

Anaganiza zoyeza kawiri, m'chilimwe ndi m'dzinja, chifukwa kolera mu Lusaka amakwera ndi mvula. Poyamba ankafuna kubwerera m'makomo omwewo. Anasintha atakumbukira kuti anthu ambiri a m'komboni ndi a lendi ndipo amasamuka kawirikawiri, kotero patatha miyezi 6 ambiri sakanapezekanso. Anasankha kubwerera ku makiyosiki omwewo n'kusankhanso mabanja mwatsopano, ndipo analemba chifukwa chake. Wowunika sadandaula mukasankha njira yotsika pang'ono, bola muonetse kuti inayo munaiganizira ndipo mukudziwa chimene mwataya.

Kuyeza klorini n'kotchipa ndipo kumachitikira pakhomo pomwepo: piritsi limodzi, madzi pang'ono, n'kuwerenga mtundu wake. Kuyeza E. coli ndi nkhani ina. Pamafunika madzi okwana 100 ml m'botolo loyera lopanda tizilombo, lokhala ndi sodium thiosulfate woti aphe mphamvu ya klorini wotsalayo, apo ayi kloriniyo amapitiriza kupha tizilombo m'njira ndipo labotale imanena kuti madzi ndi abwino pamene sanali abwino. Mabotolo amayenda m'bokosi la ayezi ndipo ayenera kufika ku labotale pasanathe maola 6. Kumeneko amakhala mu incubator, makina ofunditsa kuti tizilombo tikule n'kuwerengeka, pafupifupi tsiku lathunthu pa kutentha kosasintha. Abambo a mu labotale ananena poyera kuti pamwamba pa ntchito yawo ya masiku onse angathe mabotolo 30 patsiku, masiku 4 pa sabata, chifukwa otengedwa Lachisanu amafuna munthu wodzawawerenga Loweruka. Kuyeza mabanja onse 854 kawiri kukanakhala mabotolo 1,708, zomwe sizikanatheka m'ndalama zimene zinalipo. Anagwirizana kuti E. coli ayezedwe pa banja limodzi mwa atatu alionse: 285 pa nyengo, 570 nyengo zonse ziwiri, kuwonjezera 57 obwereza ndi opanda kanthu otsimikizira kuti labotale sikudziipitsira yokha, ndi 86 a pa makiyosiki. Onse pamodzi 713, ndiwo masiku 24 a labotale. Nambala ya 713 imapezeka katatu m'propozo, mu njira, mu kalendala ndi mu bajeti, ndipo paliponse ndi yomweyo.

Chinthu chimodzi chimene anthu akunja sangachiganizire koma wowunika wa kuno amachifunafuna ndi magetsi. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse. Incubator ikazima pakati pa usiku, mabotolo a tsiku limenelo atayika, ndipo simungabwerere kukatunga madzi a dzulo. Propozo yachiwiri inayika inverter ndi mabatire a incubator yokha, ndi kachipangizo kolemba kutentha usiku wonse kuti pakhale umboni. Laputopu zitatu zija zinachoka kuti zimenezi zilowe.

Zilolezo ndi kalendala

Kuyika kutolera uthenga mwezi woyamba kunaonetsa kuti olembawo sankadziwa njira ya zilolezo, kapena ankafuna kuilumpha. Mu Zambia kafukufuku wa zaumoyo amayendetsedwa ndi lamulo la National Health Research Act la 2013. Ndondomeko ya kafukufuku imayamba yadutsa ku komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha anthu ochita nawo kafukufuku, monga UNZABREC ya ku University of Zambia kapena ERES Converge. Ikavomerezedwa kumeneko imapita ku National Health Research Authority (NHRA), kumenenso ofufuzawo amayenera kukhala olembetsedwa. Kenako pamafunika makalata a ofesi ya zaumoyo ya chigawo ndi ya boma la Lusaka musanalowe m'dera kudzera ku chipatala. Masitepe amenewa amatsatana, sayendera limodzi, ndipo komiti kawirikawiri imabweza mafunso oti muyankhe isanavomereze. Pali ndalama zolipira, ndipo ziyenera kuoneka mu bajeti. Amene akufuna kutumiza zoyeza kunja kwa dziko akumbukirenso kuti pamafunika mgwirizano wapadera wovomerezedwa ndi NHRA. Gulu lino linapewa zimenezi poyeza zonse muno.

Kalendala yachiwiri inapereka miyezi 4 yoyamba ku zilolezo, kugula zipangizo, kumasulira fomu ya chilolezo ndi mafunso m'Chinyanja ndi m'Chibemba, ndi kuphunzitsa otolera uthenga. Pa kumasulira, fomu inamasuliridwa ndi munthu mmodzi n'kubwezeredwa ku Chingerezi ndi wina amene sanaone yoyambayo, kenako n'kuwerengedwa mokweza kwa anthu a m'dera. Chinyanja cha m'buku ndi cholankhulidwa ku Kanyama si chimodzi, ndipo munthu sangavomere chinthu chimene sanachimve.

Mfundo ziwiri za gawo lino zinayamikiridwa ndi owunika. Yoyamba inali yankho la funso lakuti mudzatani mukapeza E. coli m'madzi a banja. Simungalembe m'buku n'kuchoka. Propozo inati banjalo lidzauzidwa pasanathe masiku awiri, lidzapatsidwa botolo la klorini ndi malangizo, ndipo ngati vuto lapezeka pa kiyosiki penipenipo, a zaukhondo a ku chipatala ndi oyendetsa madziwo adzauzidwa tsiku lomwelo. Klorini wogawa uja anabwereranso mu bajeti, koma tsopano ngati udindo wa ofufuza kwa anthu amene awatsegulira khomo. Yachiwiri inali ya kasungidwe ka uthenga. Malo a nyumba olembedwa ndi GPS ndi uthenga wa munthu mwini pansi pa Data Protection Act ya 2021, choncho anafotokoza kuti mayina ndi malo adzasungidwa padera ndi zotsatira za madzi, ndani adzakhala ndi kiyi, ndi kuti pa mapu ofalitsidwa sipadzaoneka nyumba ya munthu.

Za dzinja anazilemba mosabisa. Walira mvula walira matope: mbali zina za Kanyama zimasefukira madzi pakati pa Disembala ndi Malichi, galimoto silowa, ndipo makomo 8 patsiku amatsika. Anawonjezera masabata awiri pa ulendo wa dzinja, ndi majombo ndi majasi a mvula a otolera uthenga.

Bajeti

Bajeti yachiwiri inamangidwa kuchokera pansi. Mzere uliwonse unali chiwerengero kuchulukitsa ndi mtengo, ndipo mtengo uliwonse waukulu unali ndi kotesheni yake. Otolera uthenga 6, makomo 8 aliyense patsiku, ndiwo makomo 48, choncho 854 amatha m'masiku 18 pa nyengo, ndipo malipiro awo ndi mayendedwe zinawerengedwa pa masiku amenewo kuphatikiza a maphunziro ndi owonjezera a dzinja.

Malo amene magulu ambiri a kuno amadzivulaza okha ndi malipiro a antchito olembedwa pa kontrakiti. Amalemba malipiro a pamwezi okha. Koma wolemba ntchito amalipiranso 5 peresenti ku NAPSA, 1 peresenti ku NHIMA, ndalama za Workers' Compensation, ndipo pansi pa Employment Code Act ya 2019 wogwira ntchito pa kontrakiti yoposa chaka amayenera kulandira gratuity yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake oyambira. Mukaiwala zimenezi, mtengo weniweni wa munthuyo umaposa zomwe munapempha ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu, ndipo wopereka ndalama sadzawonjezera. Kusiyanako kumadzachotsedwa ku mankhwala a labotale. VAT ya 16 peresenti nayonso iyenera kufunsidwa msanga: kodi kotesheni yaiphatikiza, ndipo kodi bungwe lopereka ndalama limalola kuilipira?

Kenako pali ma overhead, ndalama zimene koleji imatenga za magetsi, ofesi ya zachuma ndi nyumba. Bungwe lililonse lili ndi malire ake. NIH, nthambi ya boma la America yoona za kafukufuku wa zaumoyo, yakhala ikupereka 8 peresenti kwa mabungwe akunja, Gates Foundation imafika 15 peresenti kwa mayunivesite a kunja kwa America, Wellcome imafika 20 peresenti kwa mabungwe a m'mayiko ngati athu, ndipo Horizon Europe ya European Union imapereka 25 peresenti. Malamulo amenewa amasintha, choncho owerengedwa ndi a m'chikalata cha chaka chimenecho. Funso loyamba n'lakuti ma overhead ali mkati mwa malire a ndalama kapena pamwamba pake. Tiyerekeze malire ndi madola 50,000 kuphatikiza 15 peresenti. Ndalama za ntchito yeniyeni si 42,500. Peresentiyo imawerengedwa pa ndalama za ntchito, choncho mumagawa 50,000 ndi 1.15, n'kupeza 43,478. Kusiyana kwa madola pafupifupi 1,000 n'kokwanira mabotolo ambiri a madzi. Koleji nayonso imakhala ndi mlingo wake umene ungapose wa wopereka ndalama, ndipo kukambirana kwake kuchitike musanatumize, polembedwa, osati ndalama zitafika.

Za kwacha, ambiri amaopa kugwa kwake kokha. Kwa wolandira madola koma wolipira antchito m'makwacha, choopsa ndi kulimba kwake. Mu 2025 kwacha inachoka pafupifupi K28 pa dola kumayambiriro kwa chaka kufika pansi pa K24. Madola 10,000 amene anawerengedwa ngati K280,000 amasanduka K240,000 kapena kucheperapo, pamene makontrakiti a antchito sanasinthe. Gulu lino linalemba mlingo umene linagwiritsa ntchito, tsiku lake ndi kuti wachokera ku Bank of Zambia, linasiya zogula kunja m'madola, ndipo linafunsa bungwelo mwa kalata ngati limalola kusuntha ndalama pakati pa mizere ya bajeti ndi mpaka pati.

Makalata, kutumiza, ndi zimene zinatsatira

Makalata othandizira a ulendo woyamba anali atatu ofanana mawu, onena kuti akuthandiza ntchito yabwinoyi. A ulendo wachiwiri anali awiri. Ina inati labotale yapatula incubator imodzi ndi masiku 24 a munthu wake. Ina, yochokera kwa oyendetsa madzi, inati adzapereka mndandanda wa makiyosiki ndipo adzakhala nawo pa msonkhano wa zotsatira. Kalata yothandiza ndi imene ikulonjeza chinthu chowerengeka.

Popeza linali pempho lobwereza, anaphatikiza tsamba limodzi loyankha ndemanga za owunika oyamba, iliyonse payokha, ndi tsamba limene kusinthako kuli. Pa ndemanga imodzi sanagwirizane nayo, yakuti awonjezere komboni yachiwiri. Anayankha mwaulemu ndi masamu, kuonetsa kuti ndi mabotolo 30 patsiku madera awiri akanapereka mayankho awiri osadalirika m'malo mwa limodzi lodalirika. Owunika sanawachotsere mamalikisi.

Propozo inatha masabata awiri tsiku lomaliza lisanafike, chifukwa ofesi ya zachuma ndi mkulu wa koleji amayenera kusaina, ndipo pa makina ambiri otumizira pa intaneti batani lomaliza amadina ndi ofesi, osati wofufuza. Amene akupempha ku boma la America adziwe kuti koleji iyenera kukhala ndi nambala yozindikiritsa bungwe yotchedwa UEI, yotengedwa pa webusayiti ya SAM.gov, imene inalowa m'malo mwa nambala yakale ya DUNS mu Epulo 2022. Kulembetsa kumatenga masabata ndipo kumakonzedwanso chaka chilichonse. Nthawi nayo imapusitsa. 5 koloko madzulo ya ku London ndi 7 koloko kuno m'miyezi yawo yozizira, koma 6 koloko m'miyezi yawo yotentha. Ya ku Brussels ndi 6 koloko kuno m'miyezi yozizira, koma m'miyezi yotentha ndi 5 koloko yomweyo. Anatumiza kutatsala masiku atatu.

Sikuti propozo yachiwiri inalibe chilema. Gawo la kufalitsa zotsatira linatsala lofooka, msonkhano umodzi ndi pepala limodzi la m'magazini ya akatswiri, popanda ndalama zolipirira kusindikizako, ndipo silinanene momwe mabanja a ku Kanyama adzamvere zimene zapezeka m'dera lawo lonse. Owunika anachitchula, ndipo bungwe linapempha kuti chikonzedwe asanasaine mgwirizano. Kwa ife chimenechi si chilema chaching'ono, chifukwa anthu a m'makomboni amenewa afunsidwa mafunso ndi ofufuza ambiri amene sanabwererenso.

Kalata yovomereza itafika, ndalama sizinabwere pomwepo. Bungwe linayamba lafufuza kayendetsedwe ka chuma ka koleji: malipoti a odita a zaka zapitazi, malamulo ogulira katundu, ndi akaunti yapadera ya ku banki. Mabungwe ena amagwiritsa ntchito muyezo wa Good Financial Grant Practice pa kufufuza kotere. Zimenezi zinatenga miyezi itatu, ndipo pophatikiza ndi miyezi ya zilolezo, ulendo woyamba wa m'makomo unagwera m'dzinja m'malo mwa chilimwe. Sipanafunike kulembanso ndondomeko kapena kubwerera ku komiti, chifukwa propozo inanena kuti padzakhala ulendo umodzi m'nyengo ya mvula ndi umodzi m'nyengo youma, popanda kumanga kuti uti uyambe. Otolera uthenga anayamba ndi majombo, ndipo masabata awiri owonjezera aja anagwira ntchito pa ulendo woyamba womwewo.